Mlembi wodutsa pamsewu wa New York

Lero Loweruka mvula inayamba m'mawa ndipo sinaleke mpaka madzulo, choncho ine ndi achimwene anga tinakhala m'nyumba n'kuonera filimu yakale yotchedwa Mother Night, yomwe inatuluka mu 1996 motsogozedwa ndi Keith Gordon. Nkhani yake inachokera m'buku la Kurt Vonnegut la dzina lomwelo, ndipo achimwene, amene amaonera mafilimu ambiri kuposa ine, anavomera kuti anali asanaimvepo n'komwe.

Nick Nolte akusewera ngati Howard Campbell, munthu wa ku America wolemba masewero amene ankakhala ku Germany, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankaulutsa mabodza a chipani cha Nazi pa wailesi pomwe mobisa anali kazitape wa dziko la kwawo. Mauthenga achinsinsi ankabisidwa m'kutsokomola kwake ndi m'malo amene ankaima pang'ono polankhula, koma anthu wamba amene ankamvera wailesiyo ankangomva chidani chokhachokha, ndipo ankachikhulupirira. Nkhondo itatha iye anakabisala ku New York, wopanda womuchitira umboni kuti anali mbali ya ndani.

Chimene chandichititsa kulemba usiku uno ndi kachigawo kakafupi kwambiri. Campbell akuima chilili pamsewu, anthu akumudutsa mbali zonse, chifukwa alibenso chifukwa chopitira kulikonse. Pakati pa odutsawo pali bambo wachikulire wa tsitsi lopotana ndi ndevu za pamlomo, wa nkhope yachisoni, amene salankhula kanthu. Ndinaimitsa filimuyo n'kunena kuti, "Achimwene, taonani, ameneyutu ndi mwini buku." Iwo anatsutsa mpaka nditabweza kawiri ndi kuwaonetsa chithunzi chake pafoni.

Alembi ena achitapo zimenezi. Peter Benchley anaoneka ngati mtolankhani wa pa wailesi ya kanema m'mphepete mwa nyanja mu filimu ya Jaws ya 1975, yochokera m'buku lake, ndipo ambiri amadziwa zimenezo chifukwa filimuyo inatchuka padziko lonse. Koma kuoneka kwa Vonnegut kwandikhudza mwa njira ina, pakuti iye anali msilikali wa America amene anagwidwa ndi asilikali a Germany, ndipo anali ku Dresden, mzinda wa ku Germany, mu February 1945 pamene mzindawo unkaphulitsidwa ndi mabomba. Anapulumuka chifukwa anatsekeredwa m'chipinda cha pansi pa nyumba yophera nyama. Munthu amene anaona zimenezo ndi maso ake akamadutsa pafupi ndi munthu amene anamupeka yekha, wosakhala woipa kotheratu kapena wosalakwa, ine ndimaona ngati kholo limene lakumana ndi mwana wake wolowerera pamsika, likusowa mawu omudzudzulira kapena omutonthozera.

Zimandiwawa kuti filimu yotere inadutsa mwakachetechete, ngakhale muli akatswiri ngati Alan Arkin ndi John Goodman. Ndikuganiza kuti inalephera kukopa anthu chifukwa ilibe ngwazi yoiombera m'manja, ndipo imayenda pang'onopang'ono, zigawo za m'ndende ya ku Israel, momwe Campbell akudikira kuzengedwa mlandu, zili zopanda mitundu, zakuda ndi zoyera basi. Achimwene anadandaula za kuchedwa kumeneku poyamba, koma itatha anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandipempha kuti ndiwafunire bukulo sabata ya mawa, popeza akufuna kuona ngati chigawo cha pamsewu chija chilimo momwe tachionera.