Tinakalowa m'mimba mwa thanthwe ku Grimsel

Tinanyamuka mumzinda wa Bern ku Switzerland kusanache bwino, anthu 14 m'kabasi kamodzi, kupita kumapiri a Grimsel kukaona malo a mkati mwa thanthwe ofufuzirako za kasungidwe ka zinyalala za nyukiliya. Ambiri tinali ojambula x-ray m'zipatala za m'maiko a mu Africa, ndipo tinali pa maphunziro a kadzitetezedwe ku cheza cha radiation. Olankhula chinenero chathu tinalipo awiri, ine ndi achemwali ena a ku Chipata, ndiye tinakhala mpando umodzi n'kumakukuta mtedza umene iwo anatenga kwawo. Msewu umadutsa Meiringen, Innertkirchen ndi Guttannen, kenako umayamba kukwera mokhotakhota moti Khwekhwelere wathu uja ndi mwana.

Mkangano unabuka tisanafike. Ine ndakhala zaka ndikuvala epuloni ya mtovu, choncho ndinkaumirira kuti chotchinga cheza ndi mtovu basi, mwala ndi womangira maziko. Bambo wina wa zomangamanga amene anali m'gulu lathu anangotulutsa cholembera n'kuyamba kutiwerengera. Sentimita imodzi mbali zonse ya mtovu imalemera magalamu 11.3, ya mwala wolimba wotchedwa granite pafupifupi 2.7, ya konkire wamba 2.3 kapena 2.4. Kuti cheza champhamvu cha gamma chochokera ku chitsulo chotulutsa cheza cha cobalt-60 chichepe ndi theka, pamafunika mtovu wochindikala masentimita 1.2, koma konkire pafupifupi 6. Granite amafunika wocheperako pang'ono kuposa konkire poti ndi wolemererapo. Mukaunjika kuchindikala kotereku kakhumi, chimene chimadutsa ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 1,000. Mtovu umapambana pamene malo ndi opanikiza, iwo anatero, koma mwala suchita kuitanitsa kunja. Ndinakhala chete, achemwali aja akundiseka.

Malo ofufuzirawa ndi a bungwe la Nagra, limene limasamala za zinyalala za nyukiliya m'dziko la Switzerland, ndipo akhala akugwira ntchito kuyambira 1984. Polowera pake ndi ngalande ya kampani yopanga magetsi a madzi. Mukafika mkati mumakhala muli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamutu panu pali thanthwe lochindikala pafupifupi mamita 450. Anatipatsa zipewa zolimba, ndipo amene anasiya juzi m'basi anaziona. Mayi wotitsogolera anayamba ndi kutichotsa mantha: muno simusungidwa zinyalala za nyukiliya, ndi moyeseramo chabe.

Mnzathu wina anayatsa kachipangizo koyezera cheza n'kukagunditsa kukhoma. Kanayamba kuthetheka pafupipafupi kuposa mmene kankachitira m'kalasi mwathu. Tinayang'anana. Mayi aja sanadabwe. Anatiuza kuti thanthwe la muno ndi granite, amene ali ndi zinthu zotulutsa cheza monga uranium, thorium ndi potassium-40 pang'onopang'ono mwachibadwa, ndipo amatulutsa mpweya wa radon, n'chifukwa chake m'ngalande zotere mpweya amaupopa kuti uziyenda. Mlonda yemweyo amene tikufuna atitchingire nayenso ali ndi kamoto kake m'thumba. Anawonjezera kuti ma neutron, omwe ndi mtundu wina wa cheza, mwala wouma suwagwira bwino, amafuna chinthu chokhala ndi hydrogen wambiri monga madzi, ndipo apa konkire amaposa granite chifukwa amasunga madzi m'thupi mwake.

Pamene tinakhalitsa ndi pa mng'alu wina wa pakhoma pamene pamadontha madzi, dontho limodzilimodzi. Ndinagwirapo, mkono wa malaya n'kunyowa. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene anthuwa akhala akuvutika nacho zaka zonsezi. Kutchinga cheza ndi nkhani yaing'ono, mamita ochepa chabe a thanthwe amamaliza ntchitoyo. Chodetsa nkhawa ndi madzi oyenda m'ming'alu, amene patapita zaka zikwizikwi angadye chitsulo chosungiramo zinyalala n'kunyamula tizidutswa ta poizoni mpaka ku zitsime. Ndiye amabowola timabowo mbali ziwiri za mng'alu, kuthira mankhwala ozindikiritsa uku n'kudikira kuti atulukira liti uko. Anationetsanso pamene panali kafukufuku wa FEBEX: mu 1997 anakwirira zotenthetsera zamagetsi m'dongo la bentonite, kutentha kufika madigiri 100 ngati mmene zinyalala zenizeni zingachitire, ndipo chomaliza anachifukula mu 2015. Dongo limeneli likamwa madzi limafufuma n'kutseka mipata, monga amachitira makande mvula ikagwa.

Chimene chinatiseketsa n'chakuti eni ake a Grimsel pomaliza sanasankhe granite. Mu 2022 Nagra inalengeza kuti malo oyenera kukwirirako zinyalala ndi Nördlich Lägern, kumpoto kwa dzikolo, m'thanthwe ladongo lotchedwa Opalinus. Amene akhulupirira thanthwe lolimba ndi a ku Finland, ku Onkalo, kumene akumba mamita oposa 400 pansi, koma nawonso zinyalalazo aziika m'migolo ya mkuwa yozunguliridwa ndi bentonite yemweyo.

Pobwerera basi inali zii, anthu atatopa. Achemwali a ku Chipata anandigwedeza tili pafupi ndi Innertkirchen. "Achimwene, kodi kwale amene timathira m'konkire ya zipinda za makina a khansa kwathu kuja, alipo amene amayamba wamuyeza ndi kachipangizo kaja?" Bambo wa zomangamanga anamva, natembenuka, cholembera chili kale m'manja.