Kugundana kwa madontho si kuphatikana

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi simulation (kuyerekeza pa kompyuta) ya settler yanga, thanki yomwe mafuta ndi madzi amalekanamo, ndipo dzulo usiku ndi pamene mutu unatseguka. Ndinachita kuseka ndekha m'chipinda, mnzanga wogona naye mpaka kudzuka kufunsa ngati zili bwino.

Vuto linali lakuti pa kompyuta madontho anga a mafuta ankaphatikana msanga kwambiri. Ku labu tikakhutchumula parafini ndi madzi mu silinda, pakati pamatsala chigawo chotuwa cha madontho othithikana, chomwe chimatha pang'onopang'ono. Koma mu interFoam ya OpenFOAM, pulogalamu yoyerekeza kayendedwe ka zamadzimadzi, madontho akangokhudzana basi, asanduka limodzi. Ndinachepetsa time step (kanthawi ka sitepe iliyonse ya mawerengero), ndinasintha surface tension (kukungika kwa nkhope ya dontho), laputopu ndinaikalipira. Osasintha kanthu.

Za lamulo la Stokes nonse mukuzidziwa, dontho likakula kawiri limakwera mofulumira kanayi, sindibwereza. Chimene chinkandiphonya n'chakuti madontho awiri akayandikana, pakati pawo pamapanikizika kamadzi kopyapyala. Kamadzi kameneka kayenera kufinyika n'kutulukira m'mbali, mpaka katatsala ma nanometre makumi angapo, ndipo apo mphamvu zokokana za mamolekyu, zotchedwa van der Waals, zimakang'amba. Kufinyikako kumafuna nthawi. Pomwe madzi ozungulira sadikira, amatha kukankha madonthowo n'kuwalekanitsa kamadzi kasanathe. Ndiye pali nthawi ziwiri zikulimbirana: yoti kamadzi katuluke, ndi yomwe madontho akhala atagundana. Ikachepa yachiwiriyi, aliyense amapita kwake.

Coulaloglou ndi Tavlarides analemba zimenezi mu 1977, ndipo equation yawo ndinailoweza chaka chatha osaimva. Kuchuluka kwa kugundana amakuchulukitsa ndi mwayi woti kugundanako kuthere pa kuphatikana, ndipo mwayiwo ndi exponential ya minus nthawi yoyamba kugawa ndi yachiwiri. Nthawi ziwirizi zikafanana, pa kugundana 100 kumaphatikana pafupifupi 37. Yotulukira kamadzi ikatalika katatu, ndi 5 yokha. Ndinawerengera pa foni kawiri chifukwa sindinakhulupirire.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chinyengo cha VOF (Volume of Fluid), njira yomwe interFoam imagwiritsa ntchito. Njira imeneyi, ya Hirt ndi Nichols ya 1981, imangosunga kuti mu cell, kabokosi kalikonse ka mesh (ukonde womwe kompyuta imagawira malo), muli mafuta ochuluka bwanji. Dontho langa ndi la milimita 1, cell ndi ma micrometre 20, kamadzi tinene kuti kang'ambika pa ma nanometre 50. Ndiye kuti cell ndi yaikulu maulendo 400 kuposa chinthu chomwe ndimafuna kuchiona. Nkhope za madontho awiri zikalowa mu cell imodzi, kompyuta imangoti aphatikana. Yowaphatikiza inali mesh yanga, osati physics.

Kunena zoona, njira ina yotchedwa population balance ndaikonda moti sindikuonanso chifukwa choti munthu azitaya masiku kujambula dontho lililonse palokha. Ugawe madontho m'magulu a kukula kwake, uwerenge obadwa ndi otha m'gulu lililonse, laputopu yakale yomwe ino imaliza tiyi asanazizire. Anzanga a CFD, okonda mapulogalamu ngati OpenFOAM, adzatsutsa, atsutse.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anadutsa pa film drainage, kutuluka kwa kamadzi kaja, ndi slide imodzi, mphindi ziwiri, n'kuthera maola awiri pa derivation yomwe ili kale m'manotsi. Nditafunsa, anangoti tikawerenge. Tiwerenga nthawi yanji, ma assignment anayi sabata imodzi, magetsi n'kuzima simulation ili pakati? Akanangotiuza za Chingola ku Zambia, kumene kuyambira m'ma 1970 amayenga kopa ndi solvent extraction (kuchotsa kopa m'madzi ndi mankhwala amafuta) m'ma mixer-settler akuluakulu, matanki otakasira ndi kulekanitsira. Kumeneko madontho akachedwa kuphatikana, mankhwala odula amapita limodzi ndi madzi. Tikanamva tsiku lomwelo kuti kamadzi aka n'kandalama.

Komabe mtima sunakhazikike kwenikweni. Model ya 1977 ija inapangidwira thanki yotakasidwa, momwe madontho amagundana n'kuthawana. Mu settler yanga amakhala atapanikizana phee, kudikira. Ndiye nthawi yogundanayo nditenge iti? Palinso dothi ndi ma surfactant (mankhwala onga sopo) omwe amaumitsa nkhope ya dontho, kamadzi n'kumachedwa kutuluka. Ma constant a model ija ndawasintha mpaka graph yagwirizana ndi ya ku labu, koma kaya ndamvetsa chinthucho, kaya ndangoikakamiza graph. Lolemba ndiyesa ndi mafuta ena, tione ngati igwire.