Nambala ya pa pepala la CT sinali ya mwanayo

Mchemwali wanga atamujambulitsa mwana wake CT scan ya m'mimba ananditumizira pepala lake pa WhatsApp, nambala ina atayizunguliza ndi bolopeni. "Achimwene, inu mumaphunzira zimenezi, mwanayu sanapse m'katimu?" Mwana wa zaka 4. Ndinamuuza kuti mtima pansi, sanapse, koma ineyo tulo tinandithawa chifukwa nambala anazungulizayo sinali ya mwana wake nkomwe.

Nambala ija amalemba kuti CTDIvol, yosonyeza kuchuluka kwa radiation ya X-ray yomwe makinawo atulutsa, amayiyeza pa chipulasitiki chozungulira ngati ng'oma, cha masentimita 32 kapena 16 kukula kwake, ndipo pa pepalapo panalembedwa 32. Kamwana koonda ngati kameneka kamalandira pafupifupi kawiri kuposa zomwe nambalayo ikunena, poti kalibe mnofu wambiri wotchinga za m'kati. Nanga ndani angalowetse choyezera mu impso ya mwana wamoyo? Palibe. Ndiye timapanga mwana wa mu kompyuta basi.

Njira yake amati Monte Carlo, ine ndimagwiritsa pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Geant4 ya ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, ena amakonda ina yotchedwa MCNP. Umatenga chidole cha mu kompyuta chokhala ndi mafupa, chiwindi, mapapo, zonse, nkumachiwombera ma photon, tizidutswa ta X-ray, imodzi imodzi, ndipo pa iliyonse kompyuta imachita maere, kaya idutsa, kaya imezedwa pompo, kaya igunda china nkupatukira kumbali ngati mwala pa thanthwe, fupa limameza zambiri pomwe m'mapapo muli mpweya wambiri zochuluka zimangodutsa, mapeto ake umawonkhetsa mphamvu yomwe yatsalira mu chiwalo chilichonse. Zanjuga ndithu, ndipo dzinalo ndi la kasino ya ku Monaco komwe ankolo ake a Stanislaw Ulam, katswiri wa masamu yemwe anaganiza njirayi, ankakonda kukatchova. Ulam zinamubwerera m'mutu mu 1946 akuchira matenda, akusewera makadi yekha yekha.

Chowawa chake ndi kudikira. Ukafuna kuti kuphonya kwa yankho kuchepe ndi theka uyenera kuponya ma photon ochuluka kanayi. Pulogalamuyo ndinayiyambitsa 9 koloko usiku, laputopu ikulira ngati chigayo, nditayikweza pa mabotolo awiri kuti ipume. Cha m'ma 3 magetsi thii, batire yanga inafa kalekale, zonse zinapita. Ndinatukwana pang'ono, sindinama. Mawa lake ntchitoyo ndinayigawa tizidutswa kuti izisunga ikamaliza kalikonse.

Ngakhale yankho litatuluka ndimalitenga mosamala, chidolecho si mwana wa mchemwali wanga. Zidole za ICRP, bungwe la padziko lonse loona za chitetezo ku radiation, za mu 2009 ndi bambo wa makilo 73 ndi mayi wa makilo 60, za ana zinabwera pambuyo, ndipo mwana weniweni amatakataka pa bedi, samagona mowongoka ngati chidole. Koma bola zimenezi kusiyana ndi kukhulupirira ng'oma ya pulasitiki.

Mchemwali sindinamuvutitse ndi zonsezi. Ndinangomuuza kuti tonsefe timalandira radiation ya m'chilengedwe pafupifupi 2.4 mpaka 3 mSv (muyeso wa radiation yomwe thupi lalandira) pa chaka tili phee pakhomo, kuti sikani imodzi yomwe adokotala ayiona kuti ndiyofunika isamusowetse mtendere, asunge pepalalo, ndipo akadzamubwezanso afunse ngati makinawo awatchera za mwana osati za munthu wamkulu. Anayankha kuti "chabwino achimwene", kenako anapempha ya bandulo.