Zaka zisanu tikusoka: usiku umene ndinalozetsa foni kunkhope yanga

Loweruka lapitali tinapachika chikwangwani pakhomo la shopu yathu yatsopano kuno ku Kawale. Nditaima kutsidya kwa msewu n'kuchiyang'ana, misozi inalengeza m'maso. Zaka zisanu zapitazo ndinali pakhonde la nyumba ya lendi ndi makina amodzi opalasa ndi phazi, amene anandisiyira malemu mayi anga. Lero m'shopumo muli makina anayi amagetsi ndi ovaloko (makina osokera m'mphepete mwa nsalu), ndipo atsikana atatu ndi mnyamata mmodzi akudyetsa makomo awo ndi singano ndi ulusi. Ambiri a inu simunapondepo pakhomo pathu, munandidziwira pa foni. Ndiye ndati ndikuuzeni kumene tachokera.

Tinayamba mu 2020, Covid-19 itangolowa m'dziko muno mwezi wa Epulo. Ndinkasoka mamasiki ndi zidutswa za zitenje n'kumagulitsa m'masiteji a minibasi. Malonda a mamasiki atazilala ndinabwerera ku madiresi, masiketi ndi mayunifolomu a ana a sukulu. Za kulawirira m'mamawa ndi kuchezera usiku sindinenapo, telala aliyense amazidziwa.

Mavidiyo anabwera ndi mwana wa achemwali anga, amene ankakhala nafe pophunzira. Foni inali yake, lamulo linali langa: jambula manja ndi nsalu, nkhope ayi. Ndinaleredwa kuti mayi wapabanja sadzionetsera pagulu, ndipo ndinkaganizira zimene anganene akumpingo ndi akuchimuna. Choncho mavidiyo athu oyamba anali manja akudula nsalu, kanyimbo pansipansi, kenako diresi litapachikidwa. Anthu ankaona n'kupitirira, ngati mmene timadutsira pawindo la sitolo m'tauni.

Tsiku lina mnyamatayo anati, "Anti, anthu otchuka a pa YouTube amayamba ndi kupempha. Dinani like, tumizirani anzanu, lembani ndemanga. Nafenso tizitero." Tinaterodi. Vidiyo iliyonse inkayamba ndi mawu amenewo diresi lisanaoneke n'komwe. Tinafika mpaka polemba kuti amene akufuna ukwati chaka chino alembe Amen. Ma Amen anagwa ngati mvula, koma mwa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatumiza muyeso wa m'chiuno.

Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse. Anthu a pa YouTube aja ali ndi chifukwa chawo chopemphera. Mu 2018 YouTube inaika lamulo lakuti munthu asanayambe kulandirako ndalama za otsatsa malonda, akhale ndi anthu 1,000 olembetsa kuti azimutsatira komanso anthu akhale ataonera mavidiyo ake maola 4,000 m'miyezi 12. Kwa iwowo, chala chodinacho ndiye katundu wawo. Ine katundu wanga ndi diresi. Komanso Facebook inalengeza kalekale, mu Disembala 2017, kuti izikankhira pansi zolemba zokola anthu ndi nyambo, zija zakuti lembani chakuti kapena tchulani anzanu. Ndiye tinkalimbikira chinthu chimene chinkatibisa kwa anthu omwe tinkawafunawo.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya bandulo. Mayi amene akuonera vidiyo yanga wagula bandulo ya tsiku limodzi ndi ndalama imene akanagulira tomato ndi anyezi. Ine n'kumudyera masekondi khumi oyambirira ndi kupempha, asanaone kalikonse. Tangoganizani mwafika pa benchi pamsika, wogulitsa wakugwirani mkono kuti muyambe mwamuyamikira, katundu akadali m'thumba. Mungabwererenso?

Tinasiya kupempha, ndipo tinabwerera ku mavidiyo osalankhula aja. Mpaka pamene Novembala wa 2023 anatipeza.

Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho ndinalandira ntchito yaikulu imene ndinali ndisanaionepo: ukwati wa mu Disembala, madiresi a operekeza mkwatibwi ndi yunifolomu ya chitenje ya achibale a mbali zonse ziwiri. Eni ukwati anapereka theka la ndalama. Yonseyo ndinaipereka kwa bambo wina amene amakapikula zitenje ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, n'kudzera nazo pa Songwe. Mtengo tinagwirizana, ndipo zithunzi za nsaluyo ananditumizira ali komweko. Pa 9 Novembala kwacha inagwa, dola inakwera mtengo ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Bambo aja atafika mu Lilongwe anandiuza kuti mtengo wasintha, ndipo ndalama yanga ikukwana theka la nsalu basi.

Bambo inu, ngati mukuwerenga, nsalu ija munagula kwacha isanagwe, ndipo tonse awiri tikudziwa. Ndinakukhululukirani, koma phazi langa silidzapondanso pakhomo panu.

Ndinathamangira kwa mayi wina wa katapila kuti ndiwombole nsalu yotsalayo. Nditachedwa kubweza ndi masiku anayi okha, anabwera ndi anyamata awiri dzuwa likuswa mtengo n'kunyamula ovaloko yanga, ana anga akuona, oyandikana nawo nyumba ataima m'makonde. Inunso amayi, chiwongoladzanja chanu munalandira chonse mpaka tambala yomaliza. Zinazo aweruze ndi Mulungu.

Popanda ovaloko ntchito inayamba kukwawa. Zovala za anthu ena zinachedwa. Kenako wina analemba pansi pa vidiyo yathu kuti telala uyu ndi wakuba, wadya ndalama za anthu. Ena amene sanandisoketsepo n'kamodzi komwe anayamba kuthirirapo ndemanga. Usiku umenewo nsima inandikanika. Ana atagona ndinatenga foni, n'kuitsamiritsa pa chitini cha mabatani, n'kuilozetsa kwa ine. Sindinadzole kanthu, ndinali ndi duku lomwe ndinaswera nalo. Ndinapereka moni ngati mmene ndimaperekera kwa munthu amene wagogoda pakhomo, n'kufotokoza zonse: za nsalu, za ngongole, za makina amene anapita. Pomaliza ndinapempha zinthu ziwiri. Ndinati amene ndinakusokeranipo, lembani pansipa zimene munaona, zabwino kaya zoipa. Amene ndakuchedwetserani, lembani tsiku limene mukufuna chovala chanu, ndikuyankhani pomwepa anthu onse akuona.

Kutacha ndinkachita mantha kuyatsa foni. Koma abale anga, zimene ndinapeza sindidzaziiwala. Amayi amene ndinawasokera madiresi a chinkhoswe zaka ziwiri m'mbuyomo anaika zithunzi zawo. Mphunzitsi wina anachitira umboni za mayunifolomu. Awiri anadandaula kuti ndinawachedwetsadi, ndipo ndinawapepesa pomwepo n'kuwapatsa tsiku. Mayi wina wa ku Joni, amene sitinaonanepo maso ndi maso, anatumiza pa Mukuru ndalama ya madiresi atatu n'kunena kuti ndidzasoke pamene ndapeza mpata. Amayi a banki m'khonde yathu anandibwereka ndalama yotsala yoti ndibweze ngongole ya katapila ija. Ovaloko inabwerera pamalo pake, ndipo zovala za ukwati uja zinatuluka kutatsala masiku awiri.

Kuyambira pamenepo ndimaonekera ndi kulankhula m'vidiyo iliyonse. Atelala anzanga ena amandiuza kuti ntchito yabwino imadzigulitsa yokha, kupempha ndi kudzitsitsa. Ndimawalemekeza, ena ndi amene anandiphunzitsa kudula kolala. Koma ine ndinaona ndi maso anga kuti manja opanda nkhope n'ngosavuta kuwanamizira. Munthu amene wamva mawu ako, waona ukumuyang'ana, amayamba waganiza asanakutchule wakuba. Ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati ndikufuna kumva maganizo anu, ndi ine woyenera kuyamba kufunsa.

Chimene ndinasintha ndi kapemphedwe. Ndimayamba ndapereka kanthu. Ndimakuonetsani mmene mungadziyezere ndi chingwe ngati mulibe tepi. Ndimakuonetsani mmene mungadziwire chitenje chosuluka musanadule: nyowetsani kangodya ndi madzi a sopo, pakani pa kansalu koyera, mtundu ukatsalira pamenepo dziwani kuti tsiku lochapa mudzalira. Ndikatero m'pamene ndimafunsa, ndipo ndimafunsa funso limene yankho lake ndikulifunadi. Mkono uwu ukhale wotukumuka kapena wogwira? Pa zitenje ziwiri izi, n'chiti chingakhale bwino pa chinkhoswe? Zimene mwasankha ndi zimene ndimakapikula, n'chifukwa chake nsalu sizigonera m'shopu mwathu. Ndemanga iliyonse ndimayankha ndekha, ngakhale itafika pakati pa usiku ndimaiyankha m'mawa. Za kutumizira anzanu ndimanena kamodzi kokha, kumapeto, ndipo ndimatchula amene mungamutumizire: m'bale wanu amene akukonzekera ukwati. Amen ndinamusiyira kutchalitchi, kumene kuli kwawo.

Zothokoza ndili nazo zambiri, mundipirire. Choyamba Mulungu amene anandigwira dzanja mu Novembala uja. Bambo a kunyumba, amene munkandiunikira ndi tochi magetsi akazima, ndipo tsiku limene ndinaonetsa nkhope munati ndachita bwino pamene ine ndinkanjenjemera, zikomo. Achemwali anga, zikomo pondibwereka mwana wanu. Iwe mwana wanga, ngakhale tinaphonya poyamba, popanda foni yako ija bwenzi ndikadali pakhonde. Amayi a banki m'khonde, munandikhulupirira pamene m'thumba munalibe kanthu. Atsikana anga ndi mnyamata wanga a m'shopu, amene mumasula msoko kawiri katatu osanyinyirika mpaka ukhale bwino, ndimakunyadirani. Eni ukwati uja, munapirira osandikalipira. Amayi a ku Joni, ndikudikirabe tsiku lodzakuonani kuti ndikukumbatireni. Madalaivala ndi makondakitala amene mumafikitsa katundu wathu ali bwinobwino, nanunso zikomo. Ndi inu nonse amene mumawononga bandulo yanu pa ine, ngakhale amene simunasoketsebe.

Tsopano tayamba kulandira ntchito za Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, komanso za maukwati ndi zinkhoswe za kumapeto kwa chaka. Musadikire sabata yomaliza, chifukwa tikadzaza timatseka buku, sitilandira ntchito imene sitingaimalize pa tsiku lake. Timasoka madiresi, masiketi ndi mabulauzi, malaya a abambo, zovala za operekeza ndi yunifolomu ya banja lonse. Mutha kubwera ndi chitenje chanu kapena kusankha mwa zathu, zimene timaziyesa kaye ngati sizisuluka. Mumapereka theka pa Airtel Money kapena Mpamba, theka linalo mukaona chovala chanu pa vidiyo chitatha. A ku Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi ku Joni timakutumizirani pa basi, ndipo muyeso timatengera limodzi pa WhatsApp, ine ndikukuuzani pogwira tepi.

M'vidiyo ya mawa ndikuonetsani zitenje zitatu zimene ndikuganizira za anakubala chaka chino, chobiriwira, chofiirira ndi china cha maluwa achikasu. Ndalama ilipo ndi ya mitundu iwiri yokha, ndiye mundiuze choti ndisiye.