Kupenta njinga yamoto pakhomo ndi ndalama zochepa kuno ku Thyolo

Njinga zambiri zomwe zimachita kabaza pakati pa Bvumbwe, Thyolo boma ndi Luchenza injini zake zikadali zamoyo, chatha ndi maonekedwe. Thanki yatuwa pamwamba ndi dzuwa, m'mbali mokhudza mawondo penti wafufutika, ndipo madigadi adyeka kunsi ndi dzimbiri chifukwa cha matope a katondo omwe amamatirira masiku ambiri osatsukidwa. Njinga yotere, kaya ndi Lifo, Boxer kapena Yamaha DT yakale, ndimaipenta pakhomo popanda kompuresa, ndi zitini zopopera basi.

Ndisanagule chilichonse ndimayamba ndayang'ana nyengo. Kuno ndi ku Mulanje chiperoni chimagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo penti sagwirizana nacho. Penti akamauma amazizira, chinyezi cha mumpweya n'kukhala pamwamba pake, ndiye amauma ali mbuu ngati mwathirapo mkaka. Miyezi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe. Ndimapopera mame atauma, cha m'ma 9 mpaka 11 koloko m'mawa, pamthunzi. Chitsulo chotentha ndi dzuwa la Okutobala chimaumitsa penti asanayale, n'kutuluka wokhakhala ngati mchenga.

Zogula ndimakatenga ku Limbe ulendo umodzi. Pa thanki, zivindikiro ziwiri za m'mbali ndi madigadi akutsogolo ndimagula zitini 2 za pulaimala (penti woyamba wapansi), zitini 3 za mtundu womwe ndikufuna, zonse za 400ml komanso za kampani imodzi, chifukwa mapenti a makampani osiyana nthawi zina amadyana. Ndimawonjezera chitini chimodzi chakuda cha feremu, chimodzi chopirira kutentha cha ekizozi, thina (mankhwala osungunulira penti) lita imodzi, kachitini kakang'ono ka bodefila (phala lodzazira potifuka) ndi hadena wake womulimbitsa, tepi ya pepala, burashi ya waya, chophimba mphuno, ndi sandipepa wa 80 (wokhakhala kwambiri), 180, 320 ndi 600 (wosalala), mapepala atatu atatu. Nyuzipepa zakale ndi nsanza zoyera zili pakhomo kale.

Ndalama zikachepa ndimadula pena paliponse, koma osati pa kiliya wa thanki, penti wopanda mtundu wothira pomaliza pamwamba. Penti wamba wa m'chitini amasungunuka ndi petulo. Kadontho kamodzi pa filing'i siteshoni kamasiya mzere kuchokera pakamwa pa thanki mpaka pansi, ntchito ya sabata yonse n'kuwonongeka. Wopirira petulo ndi kiliya wa 2K, wosakaniza ndi hadena. Ngati wa m'chitini sakupezeka, ndimamaliza zonse pakhomo kenako n'kunyamula thanki yokhayo kupita kwa opopera magalimoto kuti aithire kiliya ndi gani yawo yopoperera. Zimatsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi kuwapatsa njinga yonse.

Pomasula ndimayamba ndi waya wa negetivu pa batire, kenako mpando, ndiye ndimatseka tapu ya petulo, kuchotsa paipi ndi kukhuthulira mafuta m'chigubu. Ndimajambula ndi foni malo aliwonse ndisanamasule, mabawuti n'kuwaika m'timatumba tosiyana. Thanki ndimaisiya yotsegula masiku awiri pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula komanso ana. Thanki yopanda petulo koma yodzaza mpweya wake ndi yomwe imaphulika, choncho galainda kapena moto wowotcherera zisayandikire. Ngati ikudontha, ikonzedwe isanapentedwe, apo ayi petulo adzatukumula penti kuchokera kunsi.

Kutsuka kumabwera sandipepa asanakhudze. Mukapala chitsulo cha girizi mumakankhira mafutawo m'mikwingwirima, ndipo penti akafikapo amathawa n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. Ndimatsuka ndi sopo wotsukira mbale ndi madzi ofunda kawiri. Masitika amamatuka mosavuta akawothera dzuwa; zomata zotsalira ndimachotsa ndi palafini pang'ono, n'kutsukanso ndi sopo chifukwa palafini naye ndi mafuta.

Apa pali kayeso komwe ambiri amalumpha. Ndimanyowetsa nsanza ndi thina n'kuigwiritsa kunsi kwa thanki kwa mphindi imodzi. Penti wakale akafewa kapena kukhwinyata, ndiye kuti mwina wina anapakapo penti wina, monga wa mafuta wa zitseko, ndipo watsopano adzamudya. Wotereyo achoke yense mpaka chitsulo chioneke. Akapanda kusintha, ndi wolimba ngati wa kufakitale, ndipo palibe chifukwa chomuchotsera. Ndimangomupala ndi 320 mpaka kuwala konse kutatha.

Pomwe pali dzimbiri ndimapala ndi burashi ya waya ndi 80 mpaka chitsulo chiwale, kenako 180, n'kusalaza m'mphepete kuti chala chisamve pomwe penti wakale akuthera. Kadontho ka dzimbiri kosiyidwa kamatuluka mvula yoyamba ikangogwa. Tizitsulo ting'onoting'ono ndimativiika mu viniga usiku umodzi, kutsuka, kuumitsa ndi kuthira pulaimala tsiku lomwelo. Chitsulo chopalidwa chisagone chamaliseche kuno, m'mawa mumachipeza chayamba kale kufiira.

Potifuka ndimaika bodefila, pachitsulo chokandidwa ndi 80. Ndimasakaniza pang'ono pang'ono pa kachidutswa ka pulasitiki: fila wochuluka ngati dzira la nkhuku, hadena ngati kambewu ka nsawawa. Amayamba kulimba pakatha mphindi zosakwana 5, makamaka kukatentha. Hadena akachuluka amadzaonekera ngati banga pa penti, akachepa fila sauma, amangomata pa sandipepa. Asanenepe kupitirira mamilimita 3, wonenepa amang'aluka ndi kugwedera kwa misewu ya m'minda ya tiyi. Ndimamupala wouma, osanyowetsa, popeza amamwa madzi, ndipo sandipepa ndimamukulunga pa kathabwa. Zala zokha zimasiya mafunde omwe amadzaoneka penti akawala.

Malo opoperera ndimasesa dzulo lake, tsikulo n'kuwaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Thanki ndimaipachika pa waya, pakamwa ndi pabowo la tapu nditatseka ndi tepi. Chitini ndimachigwedeza mphindi 2 zathunthu kuchokera pomwe kampira ka m'kati kayamba kulira, n'kuyesa kaye pa katoni. Dzanja likhale masentimita 20 mpaka 25 kuchokera ku chitsulo, kuyamba kupopera kunja kwa thanki, kudutsa, n'kukasiyira kunja mbali inayo. Mzere uliwonse ukwirire theka la womwe wapita. Kuthira koyamba kukhale kopyapyala, chitsulo chizionekabe. Ndimadikira mphindi 10 mpaka 15, n'kubwereza mpaka katatu.

Pulaimala agone usiku wonse. M'mawa ndimawazapo penti wakuda pang'ono chabe ngati fumbi, n'kupala ndi 600 wonyowetsa m'madzi. Pomwe kuda kwatsalira ndiye kuti pali kadzenje, ndipo ndi bwino kukaona tsopano kusiyana ndi mtundu utathiridwa. Gawo ili ndi lomwe limasiyanitsa thanki yooneka yatsopano ndi yooneka yopentedwa pakhonde, ndiye ndimakhalapo nthawi.

Mtundu umathiridwa chimodzimodzi, katatu kapena kanayi, kuyambira kunsi ndi m'makona, pamwamba pomaliza. Penti akayenderera ngati misozi, dzanja linayandikira kwambiri kapena linaima. Osapukuta. Aume mpaka mawa, mupale ndi 600 wonyowa, muthirenso. Akatuluka ngati khungu la lalanje, dzanja linali kutali kapena kunatentha. Penti wonyezimira wa metaliki asapalidwe kiliya asanathiridwe, amasiya mizere yosafufutika. Ndikamaliza kuthira kulikonse ndimazondotsa chitini n'kupopera masekondi awiri kuti kabowo kasatsekeke. Kiliya wa 2K ali ndi mankhwala oipa ku mapapo. Kansalu kapakamwa sikokwanira, pamafunika chophimba cha mafyuluta ndi malo apanja. Chitini chake mukangophulitsa hadena wa m'kati, chigwire ntchito tsiku lomwelo.

Zivindikiro za pulasitiki sizifuna 80 kapena thina, zimakandika ndi kusungunuka. Ndimazipala ndi 600 basi, n'kuthira pulaimala wa pulasitiki, apo ayi penti amasupuka ngati khungwa. Feremu ndimaipenta injini ili pomwepo, nditakulunga injini, mawaya ndi matayala ndi nyuzipepa. Nambala ya feremu ndi ya injini ndimazitseka ndi tepi kuti ziziwerengeka pa rodibuloko. Ndimatsekanso pomwe waya wa ethi amamangidwa, mabuleki, ndi mbali yowala ya mashoko akutsogolo. Ekizozi safuna pulaimala wamba, amapsa. Ndimapala mpaka chitsulo, kuthira wopirira kutentha mopyapyala kawiri, ndipo amalimba bwino injini ikalira kangapo. Utsi pang'ono tsiku loyamba usakuopseni.

Thanki ndimaisiya m'nyumba sabata imodzi ndisanaibweze. Pamwamba pamauma msanga koma m'kati mumakhala mofewa, chikhadabo chimalowa, ndipo mphira wa mpando umasiya chidindo. Polishi adikire mwezi wathunthu.

Mtundu wa njinga udalembedwa mu buluubuku. Ine ndimakonda kubwezera mtundu womwewo kuti nkhani ichepe; mukasintha wofiira kupita ku wakuda, pitani ku Road Traffic akasinthe zolembazo musanayambe kunyamula anthu. Petulo woyamba ndimathira ndekha ndi fanelo, nsanza nditaizunguliza pakamwa pa thanki, ndipo kwa mwezi woyamba nsanzayo imakhala pansi pa mpando kuti kadontho kakagwa kapukutidwe pompo.