Zikomo, anthu a m'mphepete mwa Dzalanyama

Atachimenti, nthawi yophunzira ntchito kumudzi, yatha, ndabwerera ku koleji ya Bunda, koma ndisanatsegule mabuku ndithokoze kaye.

Agogo amene munandisunga, zikomo. Tsiku loyamba munandipeza m'khitchini utsi uli tolo, misozi ili chuchuchu, munangoseka n'kundionetsa kusonkhezera chitetezo mbaula ndi tinkhuni titatu tokha. Ine ndinabwera ndi kope lodzaza mfundo zosamalira chilengedwe, koma inu munanditengera kumunda kukaona msangu, mtengo woyoyola masamba m'dzinja anzake akamaphuka, n'kundifotokozera chifukwa chake chimanga chimachita biriwiri pansi pake. M'kalasi ndinkangoloweza dzina lake lachilatini basi.

Amayi a komiti ya nazale, machubu aja tinadzaza mpaka msana kuuma, inu nyimbo osaleka. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala ndidzabwera, musandisiye.

A Gulupu, munandilola kulankhula pabwalo za makala, nkhani yovuta poti ambiri amadyera momwemo, ndipo munatontholetsa ong'ung'udza.

Nanu achimwene a kabaza amene munanditola usiku uja tayala litaphulika, ndalama munakana, dzina sindinafunse n'komwe. Mulungu akudalitseni.