Chisangalalo cha abwana chinali cross-talk

Sabata ino kuno ku Nchalo yanditopetsa. Lolemba ndi Lachiwiri mu labu munalibe chachilendo: kuwongola leza ya 405 nm (kutalika kwa funde la kuwala kwake), kupukuta fumbi pa magalasi, kudikira magetsi abwere.

Lachitatu masana ndi pomwe zinavuta. Tinkajambula ma photon (tizidutswa ta kuwala) obadwa awiriawiri mu kristalo ya BBO, pa kamera ya SPAD yomwe pixel yake iliyonse imawombera ikagwira photon ngakhale imodzi, ma coincidence (ma pixel awiri kuwombera nthawi imodzi) n'kukwera modabwitsa. Abwana anadzuka pampando, ayamba kale kulembera anzathu akunja imelo yoti zatheka. Ine mtima unakana. Ma pixel owombera limodziwo onse anali oyandikana, chonsecho pa far field, pomwe kuwala kochokera mu kristalo kumaoneka ngati mphete, ma photon obadwa limodziwo amayenera kugwera mbali zotsutsana za mpheteyo. Ndinati, "Abwana, tadikirani kaye musanatumize." Ndinazimitsa leza, n'kumata lenzi ndi tepi yakuda, n'kujambulanso. Mumdima wa ndiweyani, oyandikana aja anali akuwomberabe limodzi.

Anzanga mukudziwa mmene zimakhalira: pixel ikawombera, avalanche yake (chigumukire cha ma electron) imatulutsa kakuwala m'silikoni momwemo, kakuwalako n'kudzutsa mnzake wapambali. Imeneyo ndiye cross-talk. Koma kuno kutentha kumawonjezera moto. Pakhoma pankawerenga madigiri 41, ma dark count (pixel kuwombera popanda kuwala) atachuluka, ndipo aliyense mwa iwo amatha kudzutsa mnansi wake. Chiyambire Juni ndakhala ndikupempha air conditioner ya chipinda chimenechi. Yankho ndi lomwe lija, ndalama palibe. Koma za alawansi ya msonkhano wa kunyanja zinapezeka tsiku limodzi.

Lachinayi ndinalowa 3 koloko m'bandakucha kusanatenthe, udzudzu uli pamiyendo, fani nditabwereka kwa achimwene olondera pageti. Ndinatsitsa excess bias (voteji yowonjezera pa ma pixel) kuti cross-talk ichepe, ngakhale kutero kumataya ma photon ena enieni. Ndinatseka ma pixel 14 ongowombera okha popanda chifukwa. Kenako ndinajambula mdima wokhawokha kwa ola lathunthu kuti ndidziwe kuti pixel iliyonse imadzutsa anansi ake kangati, n'kuchotsera chiwerengero chimenecho. Zotsalazo zinali zochepa, zosati n'kudumpha nazo, koma zinagwera pomwe zimayenera, uku ndi uko kwa mphete.

Lachisanu abwana analemba mu lipoti kuti "tinazindikira vutoli msanga". Za air conditioner sanatchulemo. Fani ija ndabweza madzulo ano, mwini wake akuti usiku sakugona ndi thukuta.